Mapazi a Apongozi

Chaka chino chionetsero cha zojambula chinachoka m'mahotela a m'tauni n'kubwera mu holo ya tchalitchi ku Zingwangwa, kulowa ulere. Anthu anadzaza, ena tomato ali kumanja kuchokera kumsika.

Laurenti yekha ndiye mtima unali m'mwamba. Iye ankajambula ndi penti, ndipo apongozi ake, mayi Nachisale, anali atalamula kudzera mwa mkazi wake Clara kuti ngati zopakapakazi zilibe mutu, akakhale kondakitala pa minibasi ya alamu ake. Lero anabwera kudzadzionera okha. Clara, pakamwa posasunga kanthu, anali ataulula kuti chithunzi chachikulu cha Laurenti pachionetseropo ndi cha iwo, choncho mayiwo anatchena, duku lili nga, ngati akupita ku ukwati.

Koma mkamwini waulemu sayang'ana apongozi kumaso. Chikwatirireni, Laurenti akakumana nawo maso ankagwera pansi. Ndiye anajambula zimene ankazidziwa: mapazi awiri m'mapatapata obiriwira, lamba wina womanga ndi waya, zidendene zaming'alu, kachala kokhota.

Mayi Nachisale anaima patsogolo pa chithunzicho, nakweza maso kufuna nkhope yawo. Panalibe. Laurenti anabisala kuseri kwa chitseko, thukuta lili kamukamu.

"Awa si mapazi a Nachisale awa?" anakuwa mnzawo wogulitsa naye makala. "Taonani kachala! Wayayu ndinawapatsa ndine!"

Holo yonse inafa nalo phwete.

"Sekani," anatero mnzawoyo, "koma mapazi amenewa akwera phiri la Soche ndi matumba kumutu mpaka ana onse kumaliza sukulu."

Phwete lija linazilala. Mayi Nachisale anayang'ana chithunzi, nayang'ana mapazi awo amene lero anali m'nsapato zothina. Misozi inalengeza, koma anaseka.

"Clara, amuna akowo ali kuti?"

Laurenti anatuluka nanjuta chapatali, maso pansi monga mwa masiku onse.

"Bambo, za minibasi zija tiiwale," anatero mayiwo. "Koma ming'alu yanga mwaionetsa Zingwangwa yonse, ndiye mlandu ulipo. Dzutsani mutu, mundiyang'ane bwinobwino. Loweruka ndibwera ndi duku lomweli, mudzajambule kumtundaku."

Laurenti anadzutsa mutu mwamanyazi. Aka kanali koyamba kuona kuti kumwetulira kumene anakondera Clara kuja, Clarayo anachita kutengera kwa mayi ake.