Zala Zogona za Mayi Telala

Singano inagweranso pansi, ndipo mayi telala sanaimve ikuchoka m'zala mwawo. Pamiyendo pawo panali diresi la ukwati la mwana wawo wamkazi, loyera mbee, mikanda isanasokereredwe. Chiyambireni kumwa mankhwala atsopano a khansa, nsonga za zala zawo zinkachita dzanzi. Masana ankawodzera pawindo, n'kumalota manja awo akuyandama okha m'chipindamo, akusokerera kuwala kwa dzuwa pansalu. Akadzidzimuka, mtima unkawawa, poti ukwati unali pafupi.

Kuchipatala anawaikira pulogalamu pa foni. M'mawa uliwonse inkafunsa kuti, "Mukumva bwanji lero?" Iwo ankadina kankhope komwetulira. Ati munthu woleredwa bwino sayamba ndi madandaulo akapatsidwa moni. Komanso ankaopa kuti akaulula, adokotala awalanda mankhwalawo, matenda n'kukula.

Tsiku lina mlamu wawo, yemwe anali namwino, anawapeza akupapasa pansi, chikhalirecho singano ili kunsi kwa chala chawo.

"Alamu, foni ija mumaiuza chiyani?" anafunsa namwinoyo.

"Ndimati ndili bwino, kaya iwo."

Namwinoyo anaseka mpaka misozi, kenako anawagwira manja. "Si moni uja, alamu anga! Mayankho anu amafika kwa anamwino a kuchipatala. Dzanzi lotere likakhalitsa, limatha kukanirira. Mukanena msanga, adokotala amadziwa chochita. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Poti kulemba kunkavuta, mayi telala anadina pojambulira mawu. Mwamanyazi anati, "Pepani, ndakhala ndikukunamizani. Ine ndili maso, koma zala zanga zikugona."

Dzuwa lisanalowe, foni inalira. Adokotala anawaitana, anawapima, n'kuchepetsa mlingo wa mankhwala. Sanawalande ayi.

Panapita masabata. Masana ena, ali pawindo pomwe paja, akuwodzera ndi diresi m'manja, anakuwa kuti, "Mayo!"

Mwana wawo anathamangira m'chipindamo. "Amayi, chachitika n'chiyani?"

"Yandibaya! Singano yandibaya, ndipo ndamva!" Ankaseka, misozi ikutsika, chala atachikweza m'mwamba kuti magazi asadonthere pansalu.

Ngati mukumwa mankhwala a khansa kunyumba, musabise vuto lililonse, ndipo musawasiye panokha. Nenani zoona pa foni tsiku lomwelo. Mayi telala ananena, ndipo mkanda womaliza pa diresi lija anausokerera ndi zala zawo.