Masipika Awiri m'Buti mwa Chivomezi

Dzina loti Chivomezi sanachite kutola pansi. Analipeza ndi sipika imodzi ya besi m'buti mwa galimoto yake, yomwe ikagunda, malata a potsukira magalimoto ankanjenjemera ngati agwidwa malungo. Tsoka ilo, kunatulukira dalaivala wina wa kagalimoto kofiira, kaphokoso koopsa, ndipo anthu anayamba kufunsana kuti Chivomezi weniweni ndi uti. Madalaivala awiriwo anapangana kuti Loweruka masana aimike magalimoto awo moyandikana, wopambana atenge dzinalo.

Chivomezi anagula sipika yachiwiri n'kuilumikiza yekha, paja wodziwa zonse safunsa. Atayatsa wailesi, besi inachepa. Anakweza voliyumu. Masipika onse awiri ankavina molimbika ndithu, koma mawu ake ngati mphaka akuyenda pamatiresi. Analozetsa bokosi la masipikawo kumipando, kenako kuchitseko cha buti, kenako kumwamba. Anatulutsa jeke, ambulera ndi nsapato za akazi ake, ati zikumeza besi.

Mlongo wake, mphunzitsi wa sayansi, ankaonerera ali ndi kapu ya tiyi m'manja.

"Achimwene, tagwirani apa," anatero. "Mukumva? Iyi ikamatuluka, inzakeyi ikulowa. Ina ikukankha mpweya, ina ikuukoka. Ngati inu ndi alamu pa nkhani ya makatani ija."

"Aphunzitsi, pano si m'kalasi."

"Mwasemphanitsa mawaya. Sinthanitsani wofiira ndi wakuda pa sipika imodzi. Imodzi yokha, achimwene."

"Ndimadziwa kale zimenezo. Ndimangokuyesa."

Mlongoyo atalowa m'nyumba, Chivomezi anaganiza mozama, monga amachitira anthu akuluakulu. Kukonza sipika imodzi n'kusiya inzake? Imeneyo ndi ntchito ya alesi. Ngati kusinthanitsa mawaya kamodzi kukuthandiza, ndiye kawiri kuthandiza kowirikiza. Masamu osavuta, osafuna digiri. Anasinthanitsa pa sipika yoyamba, n'kusinthanitsanso pa yachiwiri, ndipo masipika aja anatsala osemphana monga analili poyamba. Anatseka buti osayesa n'komwe. Amayesa ndi wokayika.

Loweruka anthu anadzaza potsukira magalimoto paja. Kagalimoto kofiira kanayamba, chidebe cha sopo n'kugudubuzika chokha. Anthu anakuwa. Chivomezi anamwetulira mwachifundo, natsekula zitseko zonse, n'kupotokola voliyumu mpaka pamapeto.

Padenga panali nkhunda. Inatembenuza mutu, n'kuyang'ana galimotoyo kwa kanthawi, kenako inapitiriza kudzikanda.

Mkulu wa otsuka magalimoto anayandikira, natchera khutu pabuti, chinsanza chili paphewa.

"Bwana, mwayatsa kale kapena tidikire?"

"Ikutenthetsa kaye," anayankha Chivomezi.

Oonerera aja anadikira nyimbo yonse, ndi ina yachiwiri, chifukwa anali anthu aulemu.

"Basi bwana, musavutike," anatero mkulu uja akufinya chinsanza chake. "Dzinalo lisiyeni pompano, mwini wake watulukira. Koma sitingakubwezeni chimanjamanja ayi. Kuyambira lero ndinu a Kamphepo."