Kapitao Sakuoneka

Masiku asanu ndi limodzi anali atadutsa mayiyu osamuona Kapitao. Kapitao inali nsomba yaikulu kuposa zonse m'kadziwe ka kuseri kwa nyumba, yoyera, ya banga lofiira pamutu. Amuna ake anaipatsa dzinali chifukwa inkayenda mwaulemu koma pa chakudya inkafika yoyamba. Kadziweko anakumba okha bambowo atapuma ntchito yokonza mapaipi, ndipo kale munthu ankatha kuwerenga timiyala ta pansi. Tsopano madzi anali atabiriwira ndi ndere. Mayiyu akaviika mkono, zala sizinkaonekanso madzi asanafike n'komwe pachigongono.

Bambowo anali m'chipatala sabata yachitatu. Matenda ofa ziwalo anawagwira mbali ya kumanja, lilime linalemera, ndipo adokotala ankadandaula kuti wodwalayu safuna kuyesa kulankhula kapena kusuntha dzanja. Tsiku lililonse pakamwa pawo pankatuluka funso limodzi lokha: "Kapitao?"

"Ali bwino, akupereka moni," ankayankha mayiyu, maso ali pa bulangeti.

Chinkamuwawa n'chakuti sanachite ulesi. Zaka makumi atatu anachapa nsalu za pabedi pahotela, ndipo palibe mlendo anabwezapo thaulo. Amuna ake atangogonekedwa, iye anaona kuti kusamala dziwe n'kuliyeretsa. Anazula masamba aakulu oyandama omwe ankaphimba theka la madzi, poti ena anali atayamba chikasu. Anatsegula bokosi losefera madzi pambali pa pampu n'kupezamo masiponji atatu akuda bii, oterera, onunkha matope. Anachita manyazi m'malo mwa amuna ake. Anawachapa ndi sopo pampopi, kuwatsukuluza kanayi, n'kuwayanika pachingwe mpaka anayera mbee. Ndipo akabwera kuchipatala mtima uli m'mwamba, ankatapa chakudya cha nsomba chodzaza dzanja n'kumwaza pamadzi.

Lachiwiri m'mawa kunatulukira mlamu wake, mng'ono wa amuna ake, woyendetsa basi.

"Alamu, mwayamba ulimi wa ndere? Akulu aja akabwera Loweruka n'kuona izi, apempha okha kubwerera kuchipatala."

"Musandiseke, alamu. Chakudya sichikulowa ine."

"Nkhani yaing'ono iyi. Tikhuthule madzi onse, tikweche makoma ndi bulitchi, tidzaze atsopano a pampopi. Pofika masana muzidziyang'anirapo nkhope."

"Nanga nsomba?"

"M'bafa. Ngati zilimo. Koma njala sizinafe nayo, poti ndikamaweruka ndimadutsa n'kuziponyera."

"Inunso mumazipatsa?"

"Nanga ndi zayani? Si za achimwene anga?"

Mlamuyo anali atayamba kale kutambasula paipi. Mayiyu anabwera ndi botolo la bulitchi, koma atatsegula, fungo lija linamuimitsa. Anayang'ana zala zake zong'aluka, zimene mankhwala omwewo anadya zaka zonsezi. Pamene madzi a pampu ankagwera, kansomba kamodzi kanali katatulutsa kamwa, kakupuma movutika.

"Dikirani kaye, alamu. Ndachapa kokwana. Mwina kuchapa kwangaku n'kumene kwatifikitsa pano."

Anatenga botolo lagalasi lopanda kanthu, n'kutungamo madzi a m'dziwe.

Njira yonse ya kuchipatala ankakumbukira mawu a namwino akuti wodwalayu asamve zomudetsa nkhawa. Pakhomo la wodi anabwerera kawiri. Kachitatu analowa, naika botolo lija pa kakabati ka pambali pa bedi, amuna ake asanafunse funso lawo.

"Abambo, ndakhala ndikukunamizani. Madzi ake ndi awa. Kapitao sindinamuone masiku asanu ndi limodzi."

Bambowo ananyamula botololo ndi dzanja lamanzere, naliyang'ana nthawi yaitali pa kuwala kwa zenera.

"Masi... masiponji?"

"Ndinachapa."

"Ndi?"

"Sopo."

Bambowo anatseka maso. Phewa linayamba kugwedezeka, ndipo mayiyu anadzambatuka kuti akaitane namwino, akuti basi ndapha munthu. Koma anali akuseka, ndi mbali imodzi ya kamwa.

"Mayi... matope aja... ndi antchito anga."

Kufotokoza kunatenga pafupifupi ola lonse loonera odwala, mawu akugwa limodzilimodzi, malovu akupukutidwa. M'matope a m'masiponji mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya zonyansa za nsomba. Sopo ndi mankhwala a m'madzi a pampopi anapha tizilombo tonseto. Masamba aja ankatchinga dzuwa. Chakudya chotsala chinkaolera pansi n'kumanenepetsa ndere. Kenaka anapereka malamulo, akuwerenga pa zala: masiku atatu nsomba zisapatsidwe kanthu, theka la dziwe litchingidwe, tsiku lililonse achotse ndowa zinayi zokha n'kubwezera madzi amene akhala m'ndowa tsiku lathunthu, pampu isazime, masiponji asawakhudze.

Namwino, amene anaima pakhomo ndi thireyi ya mankhwala, sanawadule mawu.

"Kapitao... wayandama?" anafunsa bambowo pomaliza.

"Ayi."

"Ndiye... dikirani."

Kudikira kunali kowawa kuposa kuchapa. Mayiyu anamanga nsalu yakale ya pabedi pamwamba pa theka la dziwe, nabisa chitini cha chakudya kuti mlamu asachipeze. M'mawa uliwonse ankazungulira m'mphepete, akuopa kupeza mimba yoyera itayandama pakona. Ankaviika mkono. Lachinayi zala zinasowa monga kale. Lachisanu ankati akuziona, koma sanadzikhulupirire. Akadutsa pa bokosi la masiponji, manja ankamuyabwa.

Loweruka madzi anali akadali obiriwira. Bambowo atafika kunyumba, mlamu anawakankha pa njinga ya olumala mpaka m'mphepete mwa dziwe, nthabwala zitamuthera. Pa mwala wosalala wa pakona ndi pamene bambowo ankagogoda katatu ndi mphete yawo poitana nsomba, ndipo mpheteyo inali ku dzanja lakumanja. Analinyamula ndi lamanzere, naliika pamwalapo. Chala chinanjenjemera, chinakwera pang'ono, n'kugwa. Go. Anapuma. Go. Thukuta linatsika pachipumi. Go.

Palibe chinachitika. Pampu inkangolira. Mayiyu anawerama n'kusuzumira m'madzi.

Kenaka pansi pa mthunzi wa nsalu ija panaoneka chinthu chotuwa, chikukwera mosafulumira. Banga lofiira linatulukira, kenaka kamwa lalikulu.

"Ndi uyo bwana wanu," ananong'ona mlamu. "Ntchito ayi, koma pa chakudya."

Mayiyu anathamangira chitini chija, natapa chodzaza dzanja.

"Pang'ono, mayi," anatero amuna ake, osachotsa maso pamadzi. "Pang'ono."