Kuperekeza a Muhiwa

Chaka chimene azungu anadzala tiyi kumunsi kwathu, bambo wina, a Muhiwa, anabwera kudzacheza kuchokera kwa Apwitikizi. Mkazi wanga Agnesi anawayalira mphasa yatsopano, imene ine ndinali ndisanakhalirepo. Anapha tambala wanga, nthutumba n'kupatsa iwo. Awiriwo ankaseka m'Chilomwe chimene sindimva.

"Ndi mlendo, bambo," anatero Agnesi. "Tinakulira mudzi umodzi."

Mlendo! M'mawa ndinawanyamulira phukusi kuti ndiwaperekeze. Anthu amabwerera pa mkuyu wa kumapeto kwa mudzi, koma ine ndinapitirira, dzuwa likuswa mtengo, mpaka pamtsinje wa Muloza.

"Ulemu wotere sindinauonepo," anatero a Muhiwa.

Sindinachoke pamenepo mpaka nditawaona ndi maso angawa atawolokera tsidya.