Khomo la Kuseri ku Matero

"Ku Matero! Nyumba ya kanso, ya chitseko cha gilini. Ninabaona na menso yanga aya!"

Emelda ankayankhula ataimirira pakati pa azimayi, manja m'chiuno, ngati sanali pamaliro. Mlamu wake Whyson anali atangoikidwa kumene, ndipo hema linali lisanachotsedwe pabwalo la nyumba yawo ku Chawama. Mkazi wamasiyeyo, Felistus, mkulu wake wa Emelda, anali pamphasa, duku lakuda kumutu.

"Unabaona bachita chani?" anafunsa Felistus.

"Nenze kugulisa vovala va salaula. Naona ba mulamu na kapulasitiki ka unga. Bayangana uku, bayangana uku, bazungulukila kumbuyo kwa nyumba. Osati pa fulonti, iyayi! Manje mwamuna wongena kumbuyo monga kawalala, sisi, ni chani?"

"Ni chibwenzi!" anakuwa mayi wina, ndipo azimayi onse anasendera pafupi.

Anthu olira sachedwa kutopa nako kulira, ndipo nkhani yotere imawadzutsa kuposa tiyi. Koma Felistus mtima unamuwawa zenizeni. Chitsekereni fakitale ya mabulangete imene ankagwirako ntchito, Whyson ankalawira tsiku lililonse, amvekere ndikukasaka maganyu, n'kubwera chimanjamanja. Iye ankamumvera chisoni, osafunsa chifukwa chake ufa unkatha msanga m'thumba. Tsopano ankafuna kudziwa chinthu chimodzi basi: kodi mwamuna amene ankamulirayu anali wake, kapena ankangogawana ndi wina?

"Tiyeni," anatero akudzuka.

Wamasiye sachoka pakhomo msanga chotero, ndipo mayi wina wachikulire wa ku Katete anayesa kumuletsa. Ataona kuti zakanika, nayenso anavala nsapato kuti zisamupite.

Anadzaza theka la minibasi. Emelda anavula ndolo n'kuzimanga kunsonga kwa chitenje, kwinaku akuphunzitsa anzake mogwirira wigi ya mkazi wakuba amuna a eni. Kutauni anasintha basi akuthamanga ngati atsikana. Inayo inathera mafuta panjira, koma palibe anadandaula. Anatsika n'kuikankha okha mpaka pamalo omwetsera.

"Ba mayo, ni malilo olo ni kicheni pate ya ukwati?" anafunsa kondakitala.

"Vonse viwili!" anayankha Emelda, basi yonse n'kufa nacho chiseko.

Atafika, Emelda anamenya chitseko chobiriwiracho ndi chikhatho.

"Choka panja, tikuone bwino!"

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Panatuluka gogo wamng'ono thupi, imvi mbuu, diresi atavala chotembenuza, nsapato phazi limodzi. Anawamwetulira onse ngati akuwadziwa.

"Alendo anga! Mwabwera bwino. Lowani, lowani."

Koma Emelda sanagonje. "Mwana wanu mukazi ali kuti?"

"Ketty? Ali pa laini ya unga. Abwera tsopano apa."

Felistus analizindikira dzinalo. Ketty anali mkazi woyamba wa Whyson, amene anamwalira pobereka kalekale, Felistus asanakumane ndi Whyson n'komwe.

Phokoso lija linatulutsa Mukupa, mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Atamva za imfa ya Whyson anagwira pakamwa, kenaka anawakokera pambali.

"Aba ni ba Eneless, bamai bake ba Ketty. Bankhala beka, mutu unasokonezeka. Baiwala kudya, baiwala mbaula iyaka. Ba Whyson ndiye benze kubwela, kubaphikila kumbuyo uku, kutapa manzi, kubisa machisa. Siku ina banasoba mu njila, bafana ba pa maliketi bayamba kubatema myala ati ni mfwiti. Ba Whyson banaimilila pasogolo pawo, myala yagwela beve."

"Manje kumbuyo benze kufunako chani?" anafunsa Emelda, mawu atachepa.

Mayi wa ku Katete uja anaseka mpaka kukhala pansi.

"Iwe mwana wa m'tauni! Mkamwini alowe pakhomo la apongozi, akumane maso ndi maso? Amayamba wasuzumira kuti ali mbali iti, kenaka n'kulambalala. Ulemu umenewo iwe waona chigololo!"

Azimayi anaombana m'manja, ndipo Emelda anayamba kuyang'ana zala zake zakuphazi. Felistus anaseka nawo misozi ikutsika. Anakondwa kwambiri, koma manyazi anamugwiranso. Ankadziwa chimene Whyson anabisira nkhaniyi: akanamuuza kuti ufa wa ana ake ukupita kwa mayi wa mkazi wina, m'chaka chovuta ngati chimenechi, m'nyumba simukanagoneka.

"Nanga iyi ya laini ya unga?" anafunsa akupukuta maso.

"Poyamba banabauza zoona, ati Ketty anamwalila," anatero Mukupa. "Gogo analila zuba yonse monga malilo ni ya lelo. Mailo yake bafunsa futi, balila futi. So ba Whyson banayamba kukamba ati ali pa laini. Masiku yano ndani angakane? Laini ya unga munthu angachedwepo."

Ali mkati molankhula, anazindikira kuti gogo uja sali pakhomo. Anazungulira nyumba mwachangu n'kumupeza kuseri. Anali ataika kapu ya madzi panjerwa, pafupi ndi mbaula yozizira, ndipo iye anakhala pakhomo la khitchini atafulatira, nkhope kukhoma, kuti mkamwini wake akabwera amwe momasuka.

"Apongozi achedwa lero," anatero osatembenuka. "Simunawaone m'njira?"

Azimayi onse, ngakhale Emelda, anatembenukira kwa Felistus.

Felistus anapita pambaulapo, nanjuta pomwe dothi linali losalala chifukwa chokhalidwa. Anakutumula phulusa, naikamo makala amene anatsala m'chitini, natambasulira dzanja kwa Mukupa kuti amupatse machesi.

"Bali pa laini ya unga, amai," anatero. "Bali pamodzi na Ketty. Banituma ine."