Manja a Ba Exildah

Ba Exildah ankagulitsa zitumbuwa pa Chinyunyu, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata. Chaka chimene kolera inavuta, mng'ono wawo anamwalira nayo ku Lusaka. Atabwerako ku maliro anayamba kusamba m'manja pafupipafupi, ndipo poyamba anthu ankawayamikira kuti ndi aukhondo. Koma kolera itatha iwo sanaleke. Akagwira chitseko, kusamba. Munthu akawapatsa moni, kusamba. Zitumbuwa zinkapserera pamoto iwo ali pa beseni, mpaka zala zinang'ambika ndi sopo.

Kutchalitchi anawapempherera, mtima unkakhala pansi tsiku limenelo, mawa lake n'kuyambiranso. Amuna awo, ba Fyson, amene anali kalipentala, anawatengera ku kiliniki ya pa Rufunsa. Nesi anawapatsa mafuta opaka, kenaka anati, "Zilondazi zipola, koma chimene chikuwasambitsa chili m'maganizo. Ku Lusaka kuli akatswiri a zimenezi, asaikolojisiti."

"Akazi anga si amisala," anatero ba Fyson.

"Sindinanene zamisala, atate. Ndi mantha chabe, ndipo amachizika."

Ntchito yofufuza inagwera mwana wawo Victory, amene ankaluka anthu tsitsi ku Mtendere, mu Lusaka. Anasakasaka pa foni. Ena anali kutali, kumayadi kosafika minibasi. Wina ankalankhula Chingerezi chokha. Nambala ina anayankha ndi bambo wogulitsa mankhwala obwezera mwamuna wothawa. Pomaliza mayi wina amene ankamuluka anamuuza za saikolojisiti wina, ba Anastasia, a ku Chelstone, mbali yomweyo yolowera mu mzinda ukamachokera kwawo.

Ofesi ya ba Anastasia inali kachipinda ka mipando iwiri ndi zenera loyang'ana pa mtengo wa mapeyala. Ba Exildah anakhala kunsonga kwa mpando, manja ali m'mwamba kuti asakhudze kanthu.

"Mundibaya jakisoni?"

"Iyayi, amayi. Ine sindibaya, sindipereka mapiritsi. Akafunika ndimatumiza kwa adokotala. Yanga ndi kumvetsera, ndi kukuphunzitsani kukhala ndi mantha mpaka atope okha. Zimene munene zitsala muno."

Tsiku loyambalo ba Exildah analankhula za mng'ono wawo, mmene ankasekera ndi mmene anamuikira mofulumira, abale ataima patali. Analira, ndipo ba Anastasia sanawaletse. Ulendo wotsatira anawapempha kugwira chogwirira cha chitseko, n'kubwerera pampando osasamba.

"Mukumva bwanji manje?"

"Mtima ufuna kutuluka."

"Tiyeni tiudikire. Ndiuzeni, mtanda wa zitumbuwa mumaukanda bwanji?"

Anafotokoza za fulawa, yisiti ndi shuga, thukuta likutsika. Pofika pa mafuta okazingira anazindikira kuti mtima wayamba kugunda bwino, madzi asanawakhudze. Anayang'ana zikhato zawo n'kuseka pang'ono.

Anagwirizana kuti kusamba kukhale kwa nthawi zake: asanaphike, asanadye, akachoka kuchimbudzi. Ba Fyson nawo anaitanidwa n'kuuzidwa kuti aleke kuwatungira madzi nthawi iliyonse akapempha, koma azikhala nawo pafupi n'kumacheza. Zimenezi zinawavuta, poti ankaona ngati ndi nkhanza, koma anamvera. Milungu imene ulendo unkakanika, ba Anastasia ankaimba foni, ba Exildah atakhala pansi pa mtengo wa masuku pamene netiweki imagwira.

Sizinathe tsiku limodzi. Masiku ena ankapezeka ali pa beseni osadziwa kuti afikapo bwanji, ndipo ankakanena zimenezo kwa ba Anastasia mosabisa. Koma pofika nthawi yokolola khungu linali litapola, ndipo madalaivala anayambanso kuima pa malo awo.

Tsiku lina ba Exildah akubwerera kuchokera ku Chelstone, minibasi inali yodzaza. Mtsikana wina amene anakwerera pa Chongwe anali ndi khanda komanso katundu pamiyendo.

"Amayi, ndigwirireniko mwanayu."

Asanayankhe, khandalo linali kale m'manja mwawo, lamamina, likufunafuna chala choti liyamwe. Mantha anabwera monga mwa masiku onse. Ba Exildah anawadikira, akuyang'ana minda ya chimanga chouma ikudutsa pa zenera. Mwanayo anagona, ndipo posakhalitsa nawonso anayamba kuwodzera, moti kondakitala anachita kuwagwedeza kuti afika.