Mbale ya Eni

"Amayi aang'ono, kodi anthu akufa amawasowa ana awo?"

Ndaziona anafunsa funsoli ali kamtsikana, maliro a mayi ake atangotha kumene. Edinesi, mng'ono wa malemuyo, anayankha kuti ayi, akufa amangogona basi. Anamlera mwanayo mpaka anakula, nalowa usilikali, natumizidwa ku Congo kukasungitsa mtendere. Yankho lenileni linafika mochedwa, m'maloto.

Edinesi analota ali mumsika wa ku Chinsapo, dzuwa lili paliwombo, atasenza katoni. Galimoto ya ku balaki yotenga katundu wopita kwa asilikali inali itaima pachipata, injini ikulira. Dalaivala wake analibe nkhope, koma anali waulemu. Anati adikira pang'ono.

Edinesi anayamba ndi kugula chiponde, poti Ndaziona ankachinyambita ndi chala mobisa. Anagula mtedza wokazinga, malambe, tsabola wa kambuzi, ndi masokosi okhuthala chifukwa anamva kuti kumeneko mvula sikata. Masokosiwo anafunsa ngati mtsikanayo akadali ndi mapazi onse awiri.

"Ali nawo," anatero Edinesi. "Lowani m'katoni, musandiyankhulitse pambali."

Kuseri kwa mabenchi a tomato, kumene masiku onse kumakhala dzala la msika, kunali nkhalango. Mvula inkagwa kumeneko kokha, n'kumalekezera pamzere wa mabenchi. Chapatali, pansi pa mtengo, Ndaziona anali atakhalira chisoti chake chachitsulo, akupukuta mfuti. Edinesi anamuitana, koma mawuwo ananyowa n'kugwa pansi asanafike.

Pabenchi lomaliza, m'malire a msika ndi nkhalango, pankagulitsa Felesiya, mayi ake a Ndaziona. Anali atavala mpango womwe anaikidwa nawo m'manda. Malonda ake anali amodzi okha: nsalu yoyera, yopindidwa bwino.

"Mwaswera bwanji, achemwali?"

"Taswera. Tulani katoniyo ndione."

Felesiya anatsegula botolo la chiponde, ndipo munali dothi lofiira. Anakhudza mtedza, unasanduka timiyala. Masokosi aja anangoti zii.

"Mwalera bwino, mng'ono wanga, ndathokoza," anatero. "Tsopano ndikumfuna. Kuno ndilibe wonditungira madzi. Ikani nsalu iyi pamwamba, ndiyo mphatso yanga."

"Munandisiyira mwana wa zipere kumutu. Lero wasalala ndiye mwamuona?"

"Ndinabereka ndine."

"Chikuku chake ndinalimbana nacho ndine. Nsalu yanuyo kayaleni patebulo."

Felesiya sanakwiye. Anafotokoza modekha kuti chilichonse chimene Edinesi angampatse mwanayo chikhala cha mwanayo, ndipo cha mwana ndi cha mayi ake. Mphatso iliyonse idutsa pabenchi lake, isanduka dothi, mpaka Ndaziona adzatope ndi njala n'kulandira nsalu.

Galimoto inaliza hutala. Nkhalango inasendera pafupi, tomato wa anthu n'kuyamba kuvumbwa.

Edinesi sanali munthu wopupuluma. Anaima, akuyang'ana manja a mchemwali wake, mpaka anakumbukira tsiku limene Felesiya ankatsirizika. Mpweya unali utatha, azimayi a mvano atayamba kale nyimbo, koma wodwalayo anangoti maso tong'o, kukana kupita, kufikira Edinesi atathamanga kukabweza poto amene Felesiya anabwereka kwa anthu. Kwawo munthu sachoka ndi chiwiya cha mnzake. Ndipo mbale yobwera ndi chakudya amabweza ndi amene wadya, muli kanthu.

Anakhuthulira pansi zonse za m'katoni. Atatembenuka anapeza mpanda wa kunyumba kwake uli pomwepo pakati pa msika, a Nagama oyandikana nawo nyumba akuyanika zovala kuseri kwake.

"Aneba, ndibwerekeni mbale."

"Inu? Mbale zanga mumabweza zitakalamba."

"Ya maluwa ija. Ya alendo."

"Imene ija ngakhale amuna anga sadyeramo."

"Ndiye yomweyo."

A Nagama anayang'ana Edinesi, anayang'ana nkhalango, anayang'ana wakufayo ndi nsalu yake. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale ya maluwa, muli futali wotentha, naipereka pamwamba pa mpanda.

Edinesi anakaiika pabenchi lomaliza lija. Felesiya anatambasula dzanja, koma dzanjalo linaima m'malere. Futali anapitiriza kufuka nthunzi.

"Iyi si yake," anatero Felesiya.

"Si yake, si yanga, si yanu. Ndaziona adya, ndipo akhala ndi mbale ya eni. Mumtenga bwanji asanabweze? Kapena kumandako mwayamba kulandira akuba?"

Wakufayo anabweza dzanja lake, naika nsalu ija pamiyendo.

"Anthu amatopa kudikira mbale, mng'ono wanga. Tsiku limene mwini wake adzati zitayeni, ndagula ina, nsaluyi idzakhala ili pompano."

"Muisamale njenjete," anatero Edinesi.

Dalaivala analandira mbaleyo ndi manja awiri, naikhazika pampando wakutsogolo ngati bwana. Galimoto inadutsa pakati pa mabenchi n'kulowa mumvula. Pansi pa mtengo paja, Ndaziona anatsamiritsa mfuti, nayamba kusamba m'manja.

Edinesi anabwerera pampanda.

"Mwamva, aneba. Ndikadzabwera ndi mbale yatsopano ya m'sitolo, mudzaikane. Akadzabwera akuluakulu a ku balaki atavula zipewa, kudzanena kuti mbale inasweka, mudzawathamangitse. Ngakhale ndidzakugwadireni ndikulira, musadzandimvere chisoni."

A Nagama anakung'untha chitenje chonyowa, nachiponya pachingwe.

"Mukundiphunzitsa ine? Ine amene ndinasiya kuyankhulana ndi mlamu wanga chifukwa cha chipande? Mbale yanga ndikuifuna, yomweyo, m'manja mwa Ndaziona, pakhomo panga, muli kanthu. M'mawa uliwonse ndizidzaima pampanda pano kukulongolozani mpaka mudzadane nane."

"Lonjezani."

"Ndalonjeza, sindidzakhululuka. Ndipo mumuuze mtsikana wanuyo asaikweche ndi mchenga, maluwawo angafufutike."